Sitima Imene Inadza pa Mitu ya Anthu

Munthu akakwera phiri la Zomba nakaima m'mphepete mwake cha kumadzulo, pafupi ndi dzenje la Chingwe, amaona chigwa chachikulu pansi pake. Tsiku lopanda nkhungu amaonanso mtsinje wa Shire uli ng'aning'ani patali. Masiku ano pa mtsinjewo pamayenda mabwato a asodzi ndi timaboti ta alendo okaona nyama ku Liwonde. Koma kale, njanji ndi misewu ya galimoto zisanafike, Shire ndiye anali msewu waukulu wa dziko lino. Makalata a Boma, nsalu, mankhwala ndi katundu yense wopita ku nyanja ankadzera m'menemo.

Cha m'ma 1899, m'chigwa chomwecho munadutsa sitima ya pamadzi imene inali isanayandamepo ndi kale lonse, pakuti inali idakali zidutswazidutswa. Dzina lake ndi Chauncy Maples. Mbiri yake ndi yofunika kuidziwa, chifukwa m'menemo muli mbiri ya anthu ambiri a dziko lino amene maina awo sanalembedwe.

Mwini Dzina

M'chaka cha 1857 David Livingstone analankhula ku sukulu yaikulu ya Cambridge ku Mangalande, napempha anthu kuti apite ku Africa kukaphunzitsa ndi kukathetsa malonda a akapolo. Chifukwa cha mawu amenewo kunabadwa Mishoni ya U.M.C.A., imene inali ya mpingo wa Anglican. Bishopu wake woyamba, Charles Mackenzie, anamanga ku Magomero, kumwera kwa Zomba, m'chaka cha 1861. Koma iye anamwalira ndi malungo chaka chotsatira, ndipo otsalawo atavutika ndi nkhondo, njala ndi matenda, Mishoni inasamukira ku Zanzibar.

Patapita zaka ngati makumi awiri, wansembe wina, William Percival Johnson, anafika ku nyanja kuchokera kum'mawa. Iye anaona kuti midzi inali ndandanda m'mbali mwa madzi, ndi kuti kuyenda pamtunda kunali koopsa chifukwa cha nkhondo ndi ogwira akapolo. Tsono anaganiza kuti Mishoni iyenera kukhala ndi sitima yoyendera midzi imeneyo. Sitima yawo yoyamba, Charles Janson, inalowa m'madzi m'chaka cha 1885, ndipo chaka chomwecho anakhazika likulu lawo pa chilumba cha Likoma.

Bwenzi lake la Johnson anali Chauncy Maples. Iyeyu anabadwa m'chaka cha 1852, anafika ku Zanzibar m'chaka cha 1876, nagwira ntchito ku Masasi, ndipo pambuyo pake anadza ku Likoma. M'mwezi wa June 1895 anadzozedwa ku London kukhala Bishopu wa Likoma. Pobwerera anakwera Zambezi ndi Shire, nafika ku Mangochi, kumene pa nthawiyo kunkatchedwa Fort Johnston. Kumeneko analowa m'ngalawa yachitsulo yoyenda ndi matanga, dzina lake Sherriff, pamodzi ndi mnzake Joseph Williams. Pa 2 September 1895 namondwe anawapeza pa nyanja, ngalawa inagubuduka, ndipo awiriwo anamira. Maples anali ndi zaka 43, ndipo pa ubishopu anali atakhalapo miyezi iwiri yokha. Mtembo wake utapezeka anakauika ku Nkhotakota.

A Mishoni anali atayamba kale kuona kuti Charles Janson yachepa. Motero anthu a ku Mangalande anasonkha ndalama zomangira sitima yaikulu, naitcha dzina la Bishopu womirayo.

Ulendo Wochokera ku Glasgow

Sitimayo inamangidwa mumzinda wa Glasgow ku Scotland ndi kampani ya Alley & McLellan. Amene anajambula maonekedwe ake ndi Henry Brunel ndi John Wolfe Barry, amisiri omveka a nthawi imeneyo. M'litali mwake inali mapazi 126, m'mimba mwake mapazi 20.

Koma panali vuto. Sitima yotere sikanatha kuyenda yokha kuchokera ku nyanja yamchere kufika ku nyanja ya Malawi, chifukwa pakati pa Chikwawa ndi Matope mtsinje wa Shire uli ndi mathithi: Kapichira, Mpatamanga, Tedzani, Nkula ndi Kholombidzo. M'dera limenelo madzi amatsika mapazi opitirira 1,000, ndipo palibe chombo chimene chingakwerepo. Choncho amisiri a ku Glasgow, atatha kuyesa chitsulo chilichonse pamalo pake, anaiphwasulanso sitimayo, nalongedza zidutswa zake. Zonse pamodzi zinakwana 3,481.

Zidutswazo zinayenda pa nyanja yamchere kufika ku Chinde, kumene Zambezi amathira m'nyanja. Kuchokera apo anazikweza m'ngalawa za pamtsinje, nakwera nazo Zambezi ndi Shire kufikira kunsi kwa mathithi. Pamenepo ntchito ya madzi inatha, ndipo inayamba ntchito ya anthu.

Pa masiku amenewo katundu yense wodutsa mathithi ankayenda pa mitu ya amtengatenga. Munthu mmodzi ankasenza mapaundi 50 kapena 60, nakwera nawo zitunda zochokera ku chigwa, nadutsa ku Blantyre, natsikira ku Matope kumene mtsinje uyambanso kuyendeka. Ambiri ankagwira ntchitoyi kuti apeze nsalu ndi ndalama ya msonkho wa nyumba, umene unali masheleni atatu pa chaka. Ankayenda opanda nsapato, nagona panja, naphika okha ufa umene anatenga.

Chinthu chimodzi chokha sichikanatheka kuchiphwasula, ndicho boyila. Boyila ndi thanki lalikulu lachitsulo lowiritsiramo madzi. Pansi pake amasonkha moto, madzi akawira amatulutsa nthunzi, ndipo nthunziyo ndiyo imakankha makina oyendetsa sitima. Boyila wa Chauncy Maples anali wolemera matani 11. Anamuika pa ngolo ya mawilo achitsulo, namangirira zingwe, ndipo amuna 450 a mtundu wa Angoni anakoka ngoloyo mtunda wa mamailosi 64. Pa tsiku ankayenda mamailosi ngati atatu okha. Pachikweza anafunika kukoka onse pamodzi. Pachitsetso anafunika kuigwira ngolo kuti ingawathawe ndi kuphwanya anthu. Akale anati mutu umodzi susenza denga, ndipo apa mitu 450 inalimbana ndi chitsulo chimodzi.

Mabuku asunga dzina la kampani imene inamanga sitima, dzina la amene anaijambula, ndi kulemera kwa boyila. Koma za amuna aja amangonena mtundu wawo ndi chiwerengero chawo.

Manambala Ofufutika

Kuchokera ku Matope katunduyo anakwera Shire wa kumtunda, kudzera m'chigwa chija chooneka pa phiri la Zomba, nadutsa ku Liwonde ndi nyanja ya Malombe, kufikira kwa Mponda pafupi ndi Mangochi. Kumeneko ndiko anayamba kuimanga sitimayo kachiwiri.

Pomasula mitolo, amisiri anapeza chinthu chodetsa nkhawa. Ku Glasgow chidutswa chilichonse anachidinda nambala yosonyeza pamene chiyenera kukhala. Koma atadinda, anaviika zitsulozo mu zinki, chitsulo chotuwa chija chimene chimakuta malata a denga kuti asachite dzimbiri. Zinkiyo inatseka manambala. Tsono amisiri anali ndi mulu wa zitsulo zikwi zitatu ndi mazana anayi, zambiri zofanana maonekedwe, popanda chowauza kuti ichi chilumikizana ndi chiti.

Panalibe njira ina koma kuyesa. Ankatenga chitsulo, nachiyerekeza ndi chinzake, naona ngati mabowo ake alingana. Akapanda kulingana ankachiika pambali, natenga china. Zikagwirizana ankazilumikiza ndi misomali yaifupi yonenepa, imene ankaiwotcha pamoto mpaka kufiira, nailowetsa m'bowo, naisula ndi nyundo mbali ina munthu wina ataitchinjiriza mbali inayo. Msomali ukazizira umafupika, ndipo umakoka zitsulo ziwirizo zolimba kotero kuti madzi sangalowe. Ntchitoyi inatenga zaka ziwiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha: pa 6 June 1901 Chauncy Maples inalowa m'madzi.

Ntchito Zake pa Nyanja

Sitimayi inali mishoni yoyenda. M'kati mwake munali malo opemphereramo, malo ophunziriramo, ndi malo othandiziramo odwala. Inkayendera midzi ya m'mbali mwa nyanja, makamaka tsidya la kum'mawa, kumene tsopano kuli maiko a Mozambique ndi Tanzania. Ikaima pamudzi, wansembe ankatsika kukayesa ana a sukulu ndi kuona ntchito ya mphunzitsi, ndipo odwala zilonda, maso ndi malungo ankabwera kudzalandira mankhwala. Inkanyamulanso makalata, mabuku, aphunzitsi osamutsidwa pamodzi ndi mabanja awo, ndi odwala kwambiri opita ku chipatala cha ku Likoma.

Pakuti moto wa boyila unali wa nkhuni, m'mbali mwa nyanja munali malo oimapo kumene anthu ankadula mitengo ndi kuiunjika kudikira sitima. Amene ankasonkha moto, kuthira mafuta m'makina, kuponya nangula ndi kugwira chiwongolero anali ana a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja momwemo. Iwo ndiwo ankadziwa pamene pali miyala yobisika, ndi madooko othawirako mwera ukayamba kukuntha.

M'mwezi wa August 1914 kunabuka nkhondo pakati pa Angerezi ndi Ajeremani. Ajeremani ankalamulira dziko la Tanganyika, limene linachita malire ndi Nyasaland kumpoto. Pa 13 August sitima ya Boma yotchedwa Guendolen inakaombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ili pamtunda ku Liuli, ndipo kuyambira pamenepo nyanja inakhala m'manja mwa Angerezi. Boma la ku Zomba linatenga sitima zimene zinalipo, pamodzi ndi Chauncy Maples, kuti zinyamule asilikali a K.A.R. kupita nawo ku Karonga, kumene kunachitika nkhondo pa 9 September. Motero sitima yomangidwira sukulu ndi mankhwala inasenza mfuti ndi zipolopolo. Pa nkhondo imeneyo amuna a dziko lino pafupifupi 200,000 anagwira ntchito ya mtengatenga, ndipo ambiri sanabwerere kwawo.

Nkhondo itatha sitimayo inabwerera ku Mishoni, nigwira ntchito yake yakale zaka zina zoposa makumi atatu. M'zaka zimenezo zinthu zinasintha. Njanji inafika ku nyanja m'chaka cha 1935, ndipo m'chaka cha 1951 sitima yatsopano ya Ilala inayamba kuyenda. Kusamala sitima yakale ya nthunzi kunkadya ndalama zambiri. M'chaka cha 1953 a Mishoni anaigulitsa, ndipo inayamba ntchito ya usodzi.

Dziko litalandira ufulu wodzilamulira m'chaka cha 1964, panafunika sitima zambiri zonyamula anthu. M'chaka cha 1967 Boma la Malawi, limene likulu lake linali lidakali ku Zomba, linaikonza Chauncy Maples kukhala sitima ya anthu aulendo ndi katundu. Anachotsa makina a nthunzi, naikamo injini ya dizilo, namanganso zipinda za pamwamba, kotero kuti maonekedwe ake anasintha ndithu. Inayenda chotero kufikira chaka cha 1992, pamene anaimangirira pa dooko la Monkey Bay. Inali itagwira ntchito zaka 91.

Kuyesa Kuikonzanso

Ku Mangalande kuli anthu okonda kudzutsa ngalawa zakale. Kumeneko kuli ngalande zikuluzikulu zokumbidwa ndi anthu, ndipo kale m'menemo munkayenda ngalawa zazitali koma zopapatiza, za mapazi ngati 70 m'litali ndi 7 okha m'mimba, zokokedwa ndi akavalo, zonyamula malasha ndi katundu wina. Njanji ndi malole zitalanda ntchito yawo, zambiri zinasiyidwa kuti ziole. Koma anthu ena amagula zotsalazo nazikonza, ndipo amafufuza m'mabuku akale kuti adziwe amene anazimanga ndi mabanja amene ankakhalamo. Ntchito yofufuzayo imawapepukira chifukwa lamulo la chaka cha 1877 linafuna kuti ngalawa yokhalamo anthu ilembedwe m'kaundula.

Mtima wotere unafikanso pa Chauncy Maples, imene anthu ambiri ankaitcha sitima yakale koposa zonse zoyandama mu Africa. M'chaka cha 2009 kunakhazikitsidwa bungwe la Chauncy Maples Malawi Trust ku Mangalande, ndipo kampani ya ku London yotchedwa Thomas Miller inatsogolera ntchito yosonkha ndalama. Cholinga sichinali kuisunga ngati chinthu chongoonerera ayi, koma kuisandutsa chipatala choyandama. Chifukwa chake chinali chomveka. M'mbali mwa nyanja muli midzi ina imene ili pakati pa madzi ndi mapiri, yosafikika ndi galimoto, ndipo mayi wodwala kapena mwana wa malungo amayenda ulendo wautali pabwato kuti apeze thandizo. Sitima ikanafika kumeneko ndi anamwino, katemera ndi mankhwala, monga inkachitira m'zaka zake zoyamba.

Ntchito inayambika ku Monkey Bay. Anaikokera pamtunda kuti aone thupi lake lonse. Kukonza sitima yakale kuli ndi dongosolo lake: amayamba achotsa zonse zoola ndi zosafunika, napala dzimbiri kufikira chitsulo chenicheni chioneke, nayesa kuchindikala kwa chitsulocho malo ndi malo. Pamene chapyapyala amadulapo naikapo china. Pambuyo pake pamafunika injini, mapaipi, nthambo za magetsi ndi zipangizo zopulumutsira anthu zogwirizana ndi malamulo a masiku ano. Zambiri mwa izi ziyenera kuchokera kunja, ndipo dziko la Malawi lili kutali ndi nyanja yamchere lero monga linalili m'chaka cha 1899.

Ntchitoyo inaima isanathe, ndipo chipatala choyandamacho sichinayende. Amuna a kwa Mponda anaimaliza sitimayi m'zaka ziwiri ndi nyundo ndi moto wa makala. A m'badwo uno, okhala ndi makina ndi magetsi, anaipeza ntchito yoidzutsa ili yolemera koposa. Izi sizichititsa manyazi amene anayesa, koma ziphunzitsa kuti chinthu chikasiyidwa zaka zambiri, mtengo wochibwezera umakula chaka ndi chaka.

Kulondola Mbiri ku Zomba

Kukonza chitsulo ndi mbali imodzi ya ntchito. Mbali ina ndiyo kulondola mbiri, ndipo wofuna kutero ayenera kufika ku Zomba. Mzindawu unali likulu la Boma kuyambira chaka cha 1891 kufikira chaka cha 1975, pamene likulu linasamukira ku Lilongwe. Malamulo okhudza sitima za pa nyanja, msonkho ndi amtengatenga ankachokera m'maofesi a m'tsinde mwa phiri. Ndipo m'chaka cha 1947 munatsegulidwa nyumba yosungiramo makalata akale a Boma, imene tsopano ndi National Archives of Malawi.

Koma nakonso kuli manambala ofufutika. M'mwezi wa February 1919 moto unatentha ofesi yaikulu ya Boma ku Zomba, ndipo makalata ambiri a zaka zoyamba anapsa. Zaka zimenezo ndizo zomwe sitimayi inafika, inamangidwa, ndi kupita ku nkhondo. Chifukwa chake wofufuza ayenera kutolera kwina ndi kwina. Makalata ambiri a Mishoni ya U.M.C.A. ali ku Oxford ku Mangalande. Ku Blantyre, m'nyumba yakale ya Mandala, bungwe la Society of Malawi lasunga mabuku ndi zithunzi. Ku Mangochi kuli nyumba yoonetsera zinthu zakale za pa nyanja. Ku Nkhotakota kuli manda a mwini dzina. Wofufuza amatenga kalata ya uku naiyerekeza ndi chithunzi cha uko, monga amisiri aja ankayerekezera zitsulo, ndipo salumikiza kanthu kufikira mabowo atalingana.

Ngakhale atasonkhanitsa zonsezi, mbiriyo ikhala yopelewera, chifukwa amene ankalemba pa masiku aja ankalemba za iwo okha ndi anzawo. Za wokoka boyila, wodula nkhuni, wosonkha moto, ndi mayi amene anafika pa sitima ndi mwana wodwala kumsana, sizili m'makalata. Zimene zatsala zili m'mitu ya anthu. Ku Likoma, ku Nkhotakota, ku Malindi ndi ku Monkey Bay kuli mabanja amene makolo awo anagwira ntchito m'sitimayi. Anthu amene anaikwera pakati pa 1967 ndi 1992 ambiri adakali moyo, ndipo akumbukira madooko amene inkaima, katundu amene inkanyamula, ndi masiku amene mwera unawagoneka panjira. M'midzi ya Angoni mungathe kupezeka nkhalamba imene inamva kwa agogo ake za ulendo wa mtengatenga.

Sitima yachitsulo ingathe kudikira zaka zingapo pamtunda, koma nkhalamba ikapita yapita ndi zonse zimene inadziwa. Apa ndipo pali ntchito ya munthu amene wangophunzira kumene kuwerenga ndi kulemba. Kuti adzutse sitima afunika ndalama zochuluka, koma kuti asunge mbiri afunika kope ndi pensulo basi. Akhale pansi ndi wachikulire wa pamudzi, afunse mwaulemu, ndipo alembe dzina la munthu amene akunenedwayo, mudzi wake, mfumu yake, ntchito imene anagwira, ndi chaka ngati chidziwika. Alembe zimene wauzidwa zokha, osaonjezapo. Akatha awerengere wachikulireyo kuti akonze polakwa, ndipo kopelo alisunge posafika chiswe ndi mvula, kuti ana a pabanjapo ndi ofufuza a m'tsogolo adzalipeze.